St Andrews: Mzinda wa Mabwinja a Chalichi, Yunivesiti ndi Gofu

Mzinda wa St Andrews uli m'mbali mwa nyanja yamcere ya North Sea, m'cigawo ca Fife, kum'mawa kwa dziko la Scotland. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumpoto cakum'mawa kwa Edinburgh, likulu la dzikolo, ndi makilomita 16 kucokera ku mzinda wa Dundee. Ndi mzinda waung'ono, wa anthu osafika 20,000, koma dzina lake limamveka pa dziko lonse kamba ka zinthu zitatu. Ndiko kunali likulu la Mpingo wa m'Scotland kwa zaka mazana angapo, ndiko kuli yunivesiti yakale koposa m'dzikolo, ndiponso ndiko kumene anthu amati ndi kwawo kwa masewera a gofu.

Zitatuzi zili ndi muzu umodzi. Mabishopu a Mpingo wa Katolika ndiwo anakonza misewu ya mzindawu, anayambitsa yunivesiti, ndiponso anatsimikizira anthu wamba ufulu wosewera pa mcenga wa m'mbali mwa nyanja. Ulamuliro wa mabishopuwo utatha m'zaka za m'ma 1500, mzinda unatsala pang'ono kufa, ndipo cimene cinaudzutsa ndi sukulu ndi bwalo la masewera zimene iwo anasiya.

Ciyambi ca dzina

Poyamba malowa anali kuchedwa Kilrymont. Zolembedwa zakale za ku Ireland zimachula imfa ya mkulu wa nyumba ya amonke ya pamalopo, Túathalán, m'caka ca 747. Izi zisonyeza kuti pofika nthawi imeneyo Cikhristu cinali citakhazikika kale pakati pa mtundu wa anthu ochedwa Picts, amene anali eni ake a deralo.

Dzina la St Andrews linabwera kamba ka Andreya Woyera, mtumwi wa Yesu, msodzi wa ku Galileya, mbale wake wa Simoni Petro. Mwambo wa Mpingo umati Andreya anaphedwera mu mzinda wa Patras ku Greece, pa mtanda wopingasa wooneka ngati cilembo ca X. Nthano ya ku Scotland imati mmonke wina, Regulus kapena kuti Rule, analota mngelo akumuuza kuti atenge ena mwa mafupa a mtumwiyo ndi kupita nawo kumalekezero a dziko. Combo cake cinasweka pa gombe la Fife, ndipo pomwepo anamanga kacisi. Mafupawo akuti anali zala zitatu, fupa la mkono, fupa la bondo ndi dzino limodzi.

Akatswiri ambiri a mbiri yakale amaganiza kuti mafupawo anafika m'zaka za m'ma 700 kucokera kumpoto kwa England, mwina ndi Bishopu Acca wa ku Hexham, amene anacotsedwa pa mpando wake ca m'ma 732. Mulimonse mmene anafikira, anthu anakhulupirira kuti ndi a mtumwiyo, ndipo cikhulupiriro cimeneco cinasintha mbiri ya dziko lonselo. Andreya anakhala woyera woyang'anira Scotland. Mtanda wake woyera pa nsalu yobiriwira ngati thambo ndiyo mbendera ya dzikolo, ndipo tsiku la 30 November limasungidwa caka ciliconse monga tsiku lake.

Likulu la Mpingo

Mbiri ya mafupa a mtumwi inakopa anthu a paulendo wacipembedzo ocokera m'madera onse a Scotland ndi maiko ena a ku Ulaya. Mfumukazi Margaret, amene anamwalira mu 1093, anaika bwato lowolotsa alendowo pa mtsinje wa Forth. Ndiye cifukwa cake midzi iwiri ya pa dookolo imachedwa North Queensferry ndi South Queensferry kufikira lero.

Ca m'ma 1140, m'nthawi ya Mfumu David I, Bishopu Robert anakhazikitsa mzinda wa malonda pafupi ndi malo opatulikawo. Misewu itatu ikuluikulu, North Street, Market Street ndi South Street, inalambulidwa molunjika cakum'mawa kumene kunali nyumba zopempherera. Maonekedwe amenewa sanasinthe, ndipo mlendo wa lero amayenda m'misewu imodzimodziyo. Ya nthawi yomweyo ndi nsanja ya St Rule, yotalika mamita 33, imene ikali ciimire.

Chalichi ca St Rule citacepa, nchito yomanga chalichi cacikulu inayamba ca m'ma 1160. Inatenga zaka zoposa 150, ndipo mphepo yamkuntho inagwetsa mbali ya kumadzulo m'zaka za m'ma 1270 nchito isanathe. Chalichico cinapatulidwa pa 5 July 1318 pamaso pa Mfumu Robert the Bruce, patapita zaka zinayi kucokera pamene iye anagonjetsa asilikali a England pa nkhondo ya Bannockburn. Cinali cotalika mamita 119, ndipo palibe chalichi cina m'Scotland cimene cinacipambana kukula. Mu 1472 Papa anakweza mpando wa St Andrews kukhala wa bishopu wamkulu, ndipo woyamba kukhalapo anali Patrick Graham. Mabishopuwa anali kukhala m'nyumba ya malinga yomangidwa pa thanthwe loyang'ana nyanja, ndipo mau awo anali olemera pa nkhani za boma monga momwe analiri pa za Mpingo.

Kubadwa kwa yunivesiti

Kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, mnyamata wa ku Scotland wofuna maphunziro apamwamba anali kupita kunja, makamaka ku Paris. Nkhondo za pakati pa Scotland ndi England zinali zitatseka njira ya ku Oxford ndi Cambridge. Kenaka Mpingo wa Katolika unagawika, kunakhala apapa opikisana, wina ku Rome, wina wa mzere wa ku Avignon. Dziko la Scotland linamamatira kwa Benedict XIII wa ku Avignon ngakhale pamene France anamusiya, ndipo ophunzira a ku Scotland anayamba kusowa mtendere ku Paris.

Mu 1410 kagulu ka aphunzitsi kanayamba kuphunzitsa mu St Andrews. Bishopu Henry Wardlaw anawapatsa cikalata cowavomereza, ndipo pa 28 August 1413 Benedict XIII anasindikiza zikalata zoipatsa sukuluyo mphamvu zonse za yunivesiti. Zikalatazo zinafika mu mzindawu mu February 1414 ndipo zinalandiridwa ndi mabelu ndi mapemphero. Kotero St Andrews ndi yunivesiti yoyamba m'Scotland, ndipo ndi yacitatu m'maiko olankhula Cingerezi, pambuyo pa Oxford ndi Cambridge.

Makoleji atatu anatsatira. Bishopu James Kennedy anayambitsa St Salvator's mu 1450, St Leonard's inatsegulidwa ca m'ma 1512, ndipo St Mary's inakhazikitsidwa mu 1538. Colinga cacikulu cinali kuphunzitsa ansembe ndi akatswiri a malamulo oti ateteze ciphunzitso ca Mpingo. Koma m'makoleji omwewo ndimo munalowera maganizo amene anadzagwetsa Mpingowo.

Moto ndi lupanga

Mabuku a Martin Luther anayamba kufika m'madooko a kum'mawa kwa Scotland m'zaka za m'ma 1520. Patrick Hamilton, mnyamata wa banja lacifumu amene anaphunzira ku Paris ndi ku Germany, anabwerera kwawo akulalikira ciphunzitso catsopanoco. Anaweruzidwa kuti ndi wampatuko, ndipo pa 29 February 1528 anatenthedwa wamoyo pa khomo la koleji ya St Salvator's ali ndi zaka 24. Mbiri imati motowo unali kuzimazima, ndipo anavutika maola asanu ndi limodzi asanatsirizike. Zilembo za PH zinayalidwa ndi miyala pamalo pamene anafera.

Pa 1 March 1546 mlaliki wina, George Wishart, anaphedwa mwa njira yomweyo kutsogolo kwa nyumba ya malinga, molamulidwa ndi Kadinala David Beaton. Miyezi itatu isanathe, pa 29 May, gulu la eni minda a ku Fife linalowa m'nyumbayo mwakabisira, n'kupha Kadinalayo ndi kupacika mtembo wake pa khoma. Anthuwo anadzitsekera m'lingamo kwa nthawi yoposa caka. Asilikali a boma anakumba njira ya pansi pa thanthwe kuti agwetse khoma, ndipo a mkati anakumba yawo yokumana nayo. Njira ziwirizi zikalipo, pamodzi ndi ndende yakuya yosemedwa m'thanthwe mooneka ngati botolo.

Mmodzi mwa amene analowa m'lingamo mu April 1547 anali John Knox, ndipo mu St Andrews ndimo anayambira kulalikira poyera. Mu July caka comweco zombo za nkhondo za ku France zinaphwanya lingalo ndi mizinga. Knox anagwidwa ndipo anakhala miyezi 19 akupalasa ngalawa za Afalansa monga kapolo. Womaliza kutenthedwa mu mzindawu kamba ka cikhulupiriro anali Walter Myln, nkhalamba ya zaka zoposa 80 imene kale inali wansembe, mu April 1558.

Pa 11 June 1559 Knox analalikira m'chalichi ca Holy Trinity za nkhani ya Yesu yothamangitsa amalonda m'kacisi. Masiku otsatira, khamu la anthu linalowa m'chalichi cacikulu n'kuphwanya maguwa, zifanizo ndi zokongoletsa. Mafupa a Andreya sanaonekenso kucokera nthawi imeneyo. Mu August 1560 nyumba ya malamulo ya Scotland inathetsa ulamuliro wa Papa m'dzikolo, ndipo pofika 1561 chalichi cacikulu cinali citasiyidwa. Denga linagwa, ndipo kwa zaka zambiri anthu anali kugumula miyala yake kukamangira nyumba ndi khoma la dooko.

Mwazi sunakhetsedwe ndi mbali imodzi cabe. John Hamilton, bishopu wamkulu womaliza wa Katolika wa nthawi imeneyo, ananyongedwa ku Stirling mu 1571. Patapita zaka zoposa 100, pa mkangano wa Aprotestanti okhaokha wonena ngati mpingo uyenera kulamulidwa ndi mabishopu kapena ndi akulu a mpingo, Bishopu Wamkulu James Sharp anakokedwa m'ngolo yake n'kuphedwa pamaso pa mwana wake wamkazi pa Magus Muir, pafupi ndi mzindawu, pa 3 May 1679. Mu 1689 udindo wa bishopu unathetsedwa mu Church of Scotland, ndipo St Andrews anasiyiratu kukhala likulu la mpingo.

Zaka za umphawi

Alendo acipembedzo atasiya kubwera, cuma ca mzinda cinauma. Malonda a pa dooko anacepa, ndipo anthu ambiri anasamuka. M'zaka za m'ma 1690 panali maganizo osamutsira yunivesiti ku Perth. Mu 1747 makoleji a St Salvator's ndi St Leonard's anaphatikizidwa kukhala United College kamba ka kucepa kwa ndalama ndi ophunzira. Wolemba mabuku wa ku England, Samuel Johnson, atafikako mu 1773 analemba za misewu yopanda anthu ndi sukulu yofota. M'zaka za m'ma 1870 yunivesiti yonse inali ndi ophunzira osafika 150.

Zinthu zinayamba kusintha pakati pa zaka za m'ma 1800. Hugh Lyon Playfair, amene anakhala mkulu wa mzinda mu 1842, anakonza misewu ndi nyumba zogumuka. Njanji inafika mu 1852, ndipo inabweretsa alendo a mtundu wina, odzasamba m'nyanja ndi odzasewera gofu.

Kwawo kwa gofu

Gofu ndi masewera omenya kampira kolimba ndi ndodo, kucokera pamalo oyambira kufikira kalowe m'kadzenje kali patali. Wopambana ndi amene watsiriza maenje onse atamenya kowerengeka koposa anzake. Ku Scotland masewerawa anakulira pa malo a mcenga a pakati pa nyanja ndi minda, ochedwa links. Malo otere sangalimidwe, madzi a mvula salowerera kukhalitsa, ndipo udzu wake unali kufupikitsidwa ndi nkhosa ndi akalulu.

Mu 1457 Mfumu James II analetsa gofu ndi mpira wamiyendo cifukwa anyamata anali kunyalanyaza kuphunzira kuponya mivi. Lamulolo linabwerezedwa mu 1471 ndi mu 1491, koma mu 1502 Mfumu James IV mwini wake anagula ndodo za gofu. Mu 1552 Bishopu Wamkulu John Hamilton, yemwe uja anadzanyongedwa ku Stirling, anasaina cikalata comulola kuweta akalulu pa links za St Andrews, ndipo m'cikalata comweco anatsimikizira kuti anthu a mu mzinda ali ndi ufulu wosewerapo gofu, mpira ndi masewera ena. Cikalata cimeneci ndico umboni wakale koposa wolembedwa wa gofu mu mzindawu.

Pa 14 May 1754 amuna 22 olemera anayambitsa bungwe la Society of St Andrews Golfers. Mu 1834 Mfumu William IV anavomera kukhala mtetezi wake, ndipo dzina linasintha kukhala Royal and Ancient Golf Club. Poyamba oseweza anali kuzungulira maenje 22, 11 popita ndi 11 pobwera. Mu 1764 anaona kuti maenje anayi oyambirira ndi ofupika kwambiri, ndipo anawaphatikiza kukhala awiri. Kotero panatsala 18, ciwerengero cimene mabwalo a gofu pa dziko lonse anadzatsatira.

Ufulu wa anthu wa mu 1552 unayesedwa kwambiri. Mu 1797 khonsolo ya mzinda, itamira m'ngongole, inagulitsa malowo, ndipo posakhalitsa anagwera m'manja mwa alimi oweta akalulu. Akaluluwo anakumba mauna paliponse, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 osewera ndi alimi analimbana m'makhoti ndi pabwalo pomwe. Mkanganowo unatha mu 1821 pamene James Cheape wa ku Strathtyrum, mwini minda wokonda gofu, anagula malowo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 malowo anabwerera m'manja mwa mzinda, ndipo kucokera mu 1974 amayang'aniridwa ndi bungwe la St Andrews Links Trust, lokhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo ya Britain.

Kamba ka mbiri imeneyi, bwalo lochuka la Old Course si la kalabu ya anthu olemera. Munthu aliyense wodziwa kusewera pa mlingo wofunikira angalipire ndi kusewerapo, ndipo malo ambiri amagawidwa mwa maere. Pa Sondo bwaloli limatsekedwa, kupatula pa mipikisano ikuluikulu, ndipo anthu wamba amayendapo ndi ana awo ndi agalu awo.

Banja la Morris ndi mpikisano wa Open

Kufikira m'zaka za m'ma 1840 kampira ka gofu kanali kacikopa kodzaza ndi nthenga zophika, ndipo kanali kodula kwambiri. Ca m'ma 1848 kunabwera kampira kotsika mtengo kopangidwa ndi utomoni wa mtengo wa ku Malaya. Allan Robertson, katswiri wa mu St Andrews amene anali kukhalira kusoka timipira ta nthenga, anacotsa nchito wophunzira wake Tom Morris atamupeza akusewera ndi kampira katsopanoko. Morris anapita ku Prestwick, kumene mpikisano wa Open unayambira mu 1860, ndipo anaupambana mu 1861, 1862, 1864 ndi 1867. Atabwerera kwawo anasamalira bwalo la Old Course kwa zaka pafupifupi 40, nalikulitsa ndi kulipatsa maonekedwe ambiri amene lili nawo lero. Anamwalira mu 1908.

Mwana wake, wochedwa Young Tom Morris, anapambana Open ali ndi zaka 17 mu 1868, ndipo anapambananso mu 1869, 1870 ndi 1872. Mu September 1875 mkazi wake anamwalira pobereka pamodzi ndi khanda. Iye mwini anamwalira pa tsiku la Khrisimasi caka comweco ali ndi zaka 24. Bambo ndi mwana anaikidwa m'manda a m'mabwinja a chalichi cacikulu, ndipo okonda gofu ambiri amakaona manda awo.

Mpikisano wa Open unacitikira ku St Andrews koyamba mu 1873, ndipo anapambana ndi Tom Kidd. Pofika 2022 unali utacitikirako ka 30, kuposa bwalo lina lililonse. Ena mwa amene anapambanirako ndi Bobby Jones mu 1927, Jack Nicklaus mu 1970 ndi 1978, Seve Ballesteros mu 1984 ndi Nick Faldo mu 1990. Tiger Woods anapambana mu 2000 ndi 2005, ndipo mu 2000 anasewera masiku anayi kampira kake kosagwera ngakhale m'limodzi mwa maenje a mcenga 112 a pabwalolo. Osewera awiri a ku South Africa anatengerako cikho: Bobby Locke mu 1957, ndi Louis Oosthuizen pa 18 July 2010, tsiku limene Nelson Mandela anakwanitsa zaka 92. Mpikisano wa nambala 150, mu July 2022, unaonereredwa ndi anthu pafupifupi 290,000 ndipo anapambana ndi Cameron Smith wa ku Australia.

Mu 1897 makalabu a ku Britain anapatsa Royal and Ancient udindo wolemba malamulo a gofu. Mu 2004 udindowo unapita ku bungwe lapadera lochedwa The R&A, limene likulu lake lili mu St Andrews momwemo. Bungweli limayang'anira malamulo a gofu m'maiko onse kupatula United States ndi Mexico, ndipo limalemba malamulowo mogwirizana ndi bungwe la ku America la USGA.

Azimai anacedwa kulandiridwa. Ngakhale anali ndi kalabu yawo ya St Andrews Ladies' Putting Club kucokera mu 1867, Royal and Ancient inakhala ya amuna okhaokha kwa zaka 260. Mamembala anavota kulola azimai pa 18 September 2014, tsiku lomwe anthu a ku Scotland anali kuvota pa nkhani ya ufulu wodzilamulira. Mpikisano waukulu wa azimai unacitikira pa Old Course mu 2007, 2013 ndi 2024, ndipo opambana anali Lorena Ochoa, Stacy Lewis ndi Lydia Ko.

Kudzuka kwa yunivesiti

Yunivesiti inayamba kupezanso mphamvu kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Azimai analoledwa kuphunzira mofanana ndi amuna mu 1892, ndipo Agnes Blackadder anali woyamba kutsiriza digiri mu 1895. Mu 1897 inagwirizana ndi koleji ya ku Dundee, imene inadzaima payokha monga yunivesiti mu 1967.

Pakati pa anthu ochuka amene anaphunzirapo pali John Napier, katswiri wa masamu amene analowa mu 1563, James Wilson, mmodzi mwa amene anasaina cikalata ca ufulu wa America mu 1776, ndi James Black, amene analandira mphoto ya Nobel pa zamankhwala mu 1988. Edward Jenner, amene anayambitsa katemera wa nthomba, analandira digiri ya udokotala ya pa yunivesitiyi mu 1792. Kalonga William wa ku Britain analowa mu 2001, ndipo kumeneko ndiko anakumana ndi Catherine Middleton. Onse awiri anatsiriza mu 2005 ndipo anakwatirana mu 2011.

Masiku ano yunivesitiyi ili ndi ophunzira pafupifupi 10,000, ambiri mwa iwo ocokera kunja kwa Scotland. Mu September 2021 nyuzipepala za The Times ndi The Sunday Times zinaiika pa nambala 1 m'Britain yense, ndipo aka kanali koyamba kuti yunivesiti ina ipose Oxford ndi Cambridge pa mndandanda umenewo.

Ophunzira amasunga miyambo yambiri. Amavala mikanjo yofiira, ndipo pa Sondo amayenda pamzere pa khoma la dooko. Sapondanso pa zilembo za PH, poopa kuti wopondapo adzalephera mayeso. Amene wapondapo mwangozi amakadzisambitsa m'nyanja yozizira mbandakuca wa pa 1 May, pamodzi ndi anzake mazanamazana.

Ubale ndi Zambia

Zimene zinacitika mu St Andrews zinafika mpaka ku Zambia kudzera m'mipingo. Andrew Melville, amene anakhala mkulu wa koleji ya St Mary's mu 1580, ndiye anakhwimitsa dongosolo lakuti mpingo uzilamulidwa ndi abusa ndi akulu a mpingo m'mabwalo awo, popanda bishopu. Ndilo dongosolo la Cipresbiteriani. Thomas Chalmers, amene anaphunzitsa pa yunivesitiyi kucokera mu 1823 kufikira 1828, anadzutsa mtima wa umishoni mwa ophunzira ake, ndipo mmodzi wa iwo, Alexander Duff, anafika ku India mu 1830 monga mmishonale woyamba wa Church of Scotland. Mu 1843 Chalmers anatsogolera gulu limene linapatuka n'kupanga Free Church of Scotland.

Mpingo umenewu ndiwo unayambitsa mishoni ya Livingstonia m'mbali mwa nyanja ya Malawi mu 1875. Kucokera kumeneko nchito inafalikira ku Mwenzo mu 1894, ndipo mu 1904 mphunzitsi David Kaunda anatumizidwa ku dera la Chinsali, kumene kunadzakhala mishoni ya Lubwa. Mwana wake Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa Zambia, anabadwira kumeneko mu 1924. Mipingo yocokera ku nchito ya amishonale a ku Scotland inalowa nawo mu United Church of Zambia mu 1965, ndipo ina ili mu CCAP. Pa zamasewera, osewera gofu a ku Lusaka ndi ku Copperbelt amatsatira malamulo olembedwa ndi The R&A.

Mzindawu lero

Cuma ca St Andrews cimadalira yunivesiti, gofu ndi alendo. Mabwinja a chalichi cacikulu ndi a nyumba ya malinga amasamalidwa ndi bungwe la Historic Environment Scotland. Gombe la West Sands, lotalika makilomita pafupifupi atatu, linachuka ndi filimu ya Chariots of Fire ya mu 1981. Njanji ya mu mzinda inatsekedwa mu 1969, ndipo apaulendo amatsikira pa siteshoni ya Leuchars n'kutsiriza ulendo pa basi.

Kuchuka kwabweretsanso mavuto. Ophunzira, alendo ndi anthu olemera ogula nyumba za chuti amalimbirana nyumba zocepa, ndipo mitengo yake ili m'gulu la yokwera koposa m'Scotland. Ambiri mwa ogwira nchito m'mahotela ndi pa yunivesiti amakhala m'midzi ndi m'matauni ozungulira. Vuto lina ndi nyanja. Mabwalo a gofu ali pa malo otsika a mcenga, ndipo mafunde ndi kukwera kwa madzi kamba ka kusintha kwa nyengo zimakokolola gombe. Oyang'anira malowo akhala akuunjika mcenga ndi kubzala udzu wolimba pa zitunda za West Sands kuti zichinjirize mabwalowo.

Akatolika a ku Scotland analandiranso zidutswa za mafupa a Andreya Woyera, cimodzi kucokera ku Amalfi m'dziko la Italy mu 1879, cina kucokera kwa Papa Paul VI mu 1969. Zonse ziwiri zimasungidwa m'chalichi ca St Mary's ku Edinburgh. Mu St Andrews momwe, mapemphero a Akatolika ndi a Aprotestanti amacitika m'machalichi oyandikana, ndipo koleji ya St Mary's ikuphunzitsabe zaumulungu pamalo pamene inakhazikitsidwa mu 1538. Mpikisano wa Open wa nambala 155 unaikidwa kuti udzacitikire pa Old Course mu July 2027.